Mahatchi Oyenda Pamadzi ku Zomba

Mpaka pano mtima sunakhazikike. Ndinalota tili paphiri la Zomba, ine ndi mwana wanga Chikondi, amene akupita kuyunivesite mawa. Mitambo inali kunsi kwa mapazi athu. Mahatchi amene alendo amakwera paphiripo ankayenda pamwamba pa damu, osamira. Kenako malemu bambo ake anatulukira m'mitengo ya paini, atanyamula mbale ya masitiroberi onunkhira mvula.

"Amake Chikondi, siyani dzanja la mwanayo," anatero.

Nditalisiya, gauni yakuda ya omaliza maphunziro inamera pamapewa a Chikondi, iye n'kuuluka kulowera kutauni. Sanagwe, komanso sanacheuke.

Kaya zikutanthauzanji. Ndadzuka chikhatho chidakali chofunda, ndipo chikwama chake ndamulongedzera ndekha.