Msomali wa a Chipewa

Pa ofesi imeneyo panali chizolowezi chopweteka. Munthu akalembetsa mayeso a kayendetsedwe ka mapulojekiti, ankamukhomereratu msomali pakhoma, podzapachika satifiketi yake. Chaka chimenecho anakhoma misomali iwiri. Pa wina panali patalendewera kale felemu yonyezimira. Wa a Chipewa unali mbulanda, moti mayi wosesa anali atayamba kukolekapo kansalu kopukutira fumbi.

Ankawatcha a Chipewa chifukwa cha chipewa cholimba cha kumalo omanga, chimene sankachivula ngakhale pa msonkhano. Zaka khumi ndi zisanu akumangitsa milatho, koma mayeso anawagwetsa. Akanakhoza munthu wina, bwenzi atangomeza malovu. Koma wokhozayo anali mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa akazi awo, amene iwo omwe anamupezera ntchito akugwirabe pulani mozondotsa.

Bwana wamkulu sanazungulire. "Mlatho watsopano uja ukufuna wa satifiketi. Mukakhoza ulendo uno, ndi wanu. Mukalepheranso, muzikathandiza alamu anu."

Kuthandiza! Nsanje inawagwira. Mlamu akaseka m'chipinda china, iwo ankati akuseka iwo. Akawapatsa moni mwaulemu, ankati akudzionetsa.

Kunyumba nakonso kunalibe pothawira. Akazi awo anabwera ndi buku lalikulu lamasamba opindika.

"Abambo, achimwene akuti muwerengeko ili. Ati analembamo zothandiza."

"Ndiye wayamba kundiphunzitsa ine?"

"Safunsa anadya phula, abambo."

A Chipewa analandira bukulo n'kuchirikizira mwendo waufupi wa tebulo. Apo ndiye linagwira ntchito, tebulo linasiya kugwedera.

Masabata awiri analimbana ndi mafunso oyeserera paokha. Pa mafunso khumi ankakhoza asanu, tsiku labwino asanu ndi limodzi. Chowapsetsa mtima n'chakuti mayankho awo sanali opusa, zinali zinthu zimene anachitapo, milatho n'kuima.

Loweruka masana, kutatsala sabata imodzi kuti alembenso mayeso, akazi awo anatukula tebulo n'kusolola bukulo.

"Achimwene akubwera. Musandichititse manyazi."

Analiponya pamiyendo pawo. A Chipewa analitsegula kuti apezemo cholakwa choti akasekere. M'mphepete mwa tsamba lililonse munali zolemba za pensulo, ndipo mawu amodzi ankabwerabwera: alamu.

Funso lina linkati simenti yachedwa, mtsogoleri ayambe ndi chiyani? Pambali mlamu analemba kuti: "Alamu akwera galimoto, akaipeza kwina, ntchito siima. Koma apa sankha kuunika kaye vutolo ndi gulu lako."

A Chipewa anatembenuza masamba. Ponseponse anali iwo. Alamu akalipira womanga pompo. Alamu asintha pulani osadikira siginecha. Mkati mwa chikuto munali lamulo lodulidwa mzere kunsi: "Yankho loyamba kubwera m'mutu ndi la alamu. Kumalo omanga ndi labwino. Pa mayeso, bwerera sitepe imodzi m'mbuyo."

Kani mwanayu anakhoza mayeso powagwiritsa ntchito ngati chikwangwani cha njira yolakwika!

Anatenga mafunso khumi atsopano kuti atsimikize kuti n'zachibwana. Pa lililonse ankamva yankho lawo likuthamangira kutsogolo, n'kulibweza. Anakhoza asanu ndi anayi. Kunena zoona, zimenezi zinawawawa kuposa kulephera kuja.

"Odi kuno!" Anali mlamu, atanyamula thumba la malalanje. "Alamu, buku lija likuthandiza?"

"Zolemba zako ngati papalasa nkhuku," anayankha osadzutsa mutu. Kenako anakankha mpando ndi phazi. "Khala apa. Lakhumili ndalakwa pati?"

Mlamu anawerenga, n'kukanda m'mutu. "Apa mwabwerera masitepe awiri, alamu. Funsoli likuti munthu wavulala. Limeneli limafuna inuyo mmene mulili."

Lolemba a Chipewa analawirira ku ofesi. Anachotsa kansalu kaja pa msomali wawo, nauyesa ndi chala ngati uli wolimba. Kenako anayang'ana felemu ya mlamu. Inali yowongoka bwinobwino. Anasuzumira uku ndi uku, naipendeketsa pang'ono, n'kumapita.

Sanafike n'komwe pa chitseko chawo. Zaka khumi ndi zisanu sanasiyepo chinthu chopendekeka. Anabwerera akutukwana chamumtima, naiwongola.