Mipando ya Amai Shawa Ili Panja

Gulu lathu limatchedwa Malasha, ndipo timayimba hevi meto. Kwa amene sadziwa, ndi nyimbo zija magitala amalira ngati chigayo, woyimba n'kumabangula m'malo moyimba. Mu Lusaka muno okonda nyimbo zotere akhoza kukwera minibasi imodzi, kondakitala n'kumaitanabe anthu. Tilimo anayi. Ine Gerald ndimayimba gitala ya besi, ndipo masana ndili ku kampani ya inshuwalansi komwe ntchito yanga ndi kuuza anthu kuti ayi. Becky amaomba ng'oma, koma ndi wa Sabata, choncho Loweruka musamufune. Elvis ndi wa gitala, ndiponso ndiye amajambula mawu pa kompyuta yake. Wobangula ndi Wisdom Shawa, akauntanti wadazi amene amagwedeza mutu ngati ali ndi tsitsi.

Nyimbo zopeka tokha zinali zitatikana. Chimbale choyamba tinagawira achibale, ndipo ena anatibwezera mwaulemu. Ndiye Elvis anati ulendo uno tijambule nyimbo za eni ake, zimene anthu amazidziwa kale, ife tingoziveka chitsulo. Tinasankha ziwiri za kalindula, ina ya paukwati, ina ya Sande sukulu, ndi ina ya pawailesi yotsatsa sopo amene anasiya kupangidwa tili ana. Chimbalecho tinachitcha Za Eni. Wisdom anavomera zonse osatsutsa, n'kunena kuti yomaliza asankha yekha.

Anasankha nyimbo ya atate ake. Malemu a Abednego Shawa anatsogolera kwaya ya mpingo wa Reformed ku Kabwata moyo wawo wonse, ndipo anapeka nyimbo imodzi ya maliro imene mpingo umayimbabe mpaka lero. Mmodzi amayamba kuti, "Wanyamuka mlendo, wasiya nsapato pakhomo," anthu n'kuvomera kuti, "Musiyeni apite, kwawo amudikira." Pamaliro a eni nyimbowo, akulu a mpingo anapempha mwana wawo kuti ayambe ndiye. Ine ndinalipo. Wisdom anaimirira, anatsegula pakamwa, ndipo sipanatuluke kanthu. Munthu amene amagwetsa mabotolo m'bala ndi mawu okha anangoti kakasi, mpaka mkulu wina anayamba m'malo mwake. Amai ake, a Winifred, sananenepo kanthu tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse, ndipo Wisdom zinkamupweteka kuposa akanamukalipira.

Kukapempha chilolezo ndinamuperekeza ine, poti ndine wozolowera kumva mawu oti ayi. Amai Shawa anatipatsa tiyi, anamvetsera zonse, kenako anafunsa kuti wamwalira ndani. Wisdom anati palibe. Iwo anati nyimbo ya maliro siyimbidwa popanda maliro, pokhapokha ngati munthu akuwaitana.

"Pamene inafunika unali zii," anatero. "Manje uifuna ya ku bala? Awe. Nyimbo ya atate ako siichoka pano."

Wisdom ndi mwana womvera, koma amamvera mwa akauntanti. Tili m'galimoto anandiuza kuti amai akana kuti nyimboyo ichoke panyumba, sanakane kuti ijambulidwe. Anati akaimva yomalizidwa mwina asintha mtima. Ndinamuuza kuti maganizo amenewo ku ofesi kwathu timawatcha chinyengo, ndipo iye anati wamva.

Malo ojambulira ndiwo anavuta. Situdiyo ya ku Kabulonga inalibe magetsi masana, kwanga ku Chelstone mwini nyumba anali atandichenjeza kale, ndipo ku Woodlands kwa Wisdom kuli khanda pakhomo loyandikana. Nyumba yokhala ndi magetsi odalirika inali imodzi, ya Amai Shawa ku Kabwata. Lachinayi lina iwo anapita ku Lilayi ku msonkhano waukulu wa Chigwirizano, bungwe la amai a mpingo, ndipo kumeneko amazimitsa mafoni tsiku lonse. Tonse tinapempha tchuthi kuntchito. Wisdom anati motero nyimbo ikhala isanachoke panyumba.

Pabalaza pa Amai Shawa m'pang'ono, ng'oma za Becky sizinakwane. Elvis anati titulutse mipando. Tinanyamula masofa onse, tebulo ndi kabati, n'kuziika pabwalo pansi pa mtengo wa mapeyala. Kenako anati chipinda chikubweza mawu, ndiye tinayala matiresi ndi mphasa m'mbali mwa makoma. Tonse tinali titavala zakuda chifukwa pambuyo pake timafuna kujambulitsa chithunzi cha pachikuto. Geti tinalisiya lotsegula ndipo magalimoto athu awiri anaima panja. Anthu anayi ophunzira, obadwira ndi kukulira mu Lusaka, ndipo palibe mmodzi anakumbukira kuti m'tauni muno mipando ikatuluka panja masana, ndiye kuti m'nyumbamo mwagwa maliro.

Tinayamba. Wisdom ankabangula mzere wa woyamba, ndipo pamalo pa kuvomera tinkasiya mpata, ng'oma zokha zikuyenda, chifukwa Elvis anati adzaikapo gitala pambuyo pake. Maulendo oyamba sizinayende. Wisdom ankathamanga, Becky ankamutukwana mwa Chisabata, Elvis n'kumafufuta. Kunja kumamveka bwanji sitinaganizeko, koma ndauzidwa kuti zinkamveka ngati mwamuna wamkulu akulira amai ake.

Woyamba kufika anali bana Nsofwa, mayi wa nyumba yoyandikana, amene akhala ndi Amai Shawa mpanda umodzi kuyambira Wisdom asanabadwe. Anaona mipando, anamva kubangula, anaimbira Amai Shawa foni n'kupeza yozima. Sanafunenso umboni wina. Anamanga chitenje, anauza wa kumanja ndi wa kumanzere, ndipo uthenga unayenda wokha.

Pamaliro munthu safunsa pakhomo. Umalowa, umakhala pansi, umalira kaye, mafunso amabwera pambuyo. Ine ndinali moyang'ana kukhomo, ndiye ndinaona amai akulowa mmodzimmodzi, atavula nsapato, atawerama, n'kukhala pamatiresi athu aja miyendo atatambasula. Magitala sanawadabwitse. Pambuyo pake bana Nsofwa anandiuza kuti ana a masiku ano amalira m'njira zambiri, ndipo iwo sanabwere kudzaweruza. Pawindo ndinaona abambo atakhala kale pamasofa, manja ali m'masaya.

Ndikanaimitsa. Koma ulendo umenewo ndi woyamba umene Becky ndi ine tinagwirizana, ndipo munthu wa besi sapeza masiku otere kawirikawiri. Elvis anali ataweramira gitala. Wisdom akamayimba amatsinzina.

Anabangula mzere wake, wanyamuka mlendo, wasiya nsapato pakhomo. Mpata unafika. Ndipo amai aja, amene ayimba nyimboyi m'manda onse a Lusaka, anavomera onse pamodzi, mawu anayi osaphonya, "Musiyeni apite, kwawo amudikira."

Wisdom anatsegula maso. Anaona chipinda cha amai ake chitadzaza zitenje, mmene chinalili tsiku lija. Ndinaganiza kuti asiya, koma Becky sanasiye, ndipo mzere wachiwiri unali utafika kale. Anatsegula pakamwa, ndipo kubangula kunalibe. Kunatuluka mawu wamba, okwera pang'ono, onjenjemera, amene ine m'zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo. Amai ena achikulire anayang'anana, chifukwa anali mawu a Abednego enieni. Apo ndiye kulira kunayamba kwenikweni, ndipo Wisdom nayenso ankalira uku akuyimba. Ine chisoni chinandigwira mpaka ndinaphonya manotsi, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti palibe amene wamwalira.

Zimene zinachitika kunja ndinauzidwa ndi abambo a pamasofa. Msonkhano wa ku Lilayi unatha msanga. Amai Shawa anatsika minibasi atavala yunifolomu yawo, chikwama chili m'khwapa, n'kukhota pakona. Anaona mipando yawo pabwalo, anthu atakhalapo, ndi galimoto la Wisdom pageti. Iwo ankadziwa kuti ali moyo. M'banja limenelo munatsala anthu awiri okha oti nkuwalira, ndipo winayo anali mwana wawo.

Chikwama chinagwera mumsewu. Akuti anathamanga, mzimayi wa mawondo otupa amene pokwera masitepe a tchalitchi amapuma kawiri. Abambo a pamasofa atawaona anaimirira onse, ndipo mmodzi anatulukira kuseri osatsanzika.

Analowa osavula nsapato. Amai a pamatiresi anaona munthu amene amamulira ataima pakhomo akupuma mwabefu, ndipo kulira kunaduka ngati magetsi. Amai Shawa sanayang'ane aliyense. Maso awo anayenda m'chipindamo mpaka anapeza Wisdom, wamoyo, dazi lili thukuta, maikolofoni ali m'manja. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anakhala pansi pomwepo pakhomo.

Becky anali kuseri kwa ng'oma ndipo sankaona kukhomo, ndiye anapitiriza. Wisdom anali pakati pa ndime yomaliza. Anaimaliza akuyang'ana amai ake. Mpata unafika, ndipo palibe mzimayi amene analimba mtima kuvomera maliro mwini wake ali pomwepo. Ng'oma zinayenda zokha kamphindi. Ndiye Amai Shawa anavomera okha, ndi mpweya wochepa umene unawatsalira, kuti musiyeni apite, kwawo amudikira.

Elvis anazimitsa kompyuta. 

Bana Nsofwa ndiwo anayamba kulankhula. Anati iwo anaona mipando. Amai Shawa anati nawonso anaiona. Anathokoza onse amene anabwera, mmodzimmodzi ndi dzina lake, ndipo ndinaona kuti akusunganso mumtima amene sanabwere. Anthu anatuluka mwaulemu, ena akupukutabe misozi poti inali itayamba kale. Mayi wina anali atabwera ndi kabichi, ndipo atalingalira anamusiya.

Titatsala tokha, Wisdom anayamba kufotokoza za magetsi. Amai ake anamudula.

"Mau aya unali nayo?"

"Ninali nayo, amai."

"Nanga tsiku lija?"

"Yanakana kuchoka."

Amai Shawa anali akali pansi, nsapato zili kumapazi. Kenako anati kuchokera pakona mpaka pageti anali atamuika kale m'manda, ndipo sakufuna kudzayendanso mtunda umenewo. Ananena mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa tomato. Wisdom anagwada pafupi nawo, ndipo iwo anamugwira dazi lija n'kupukuta dzanja pa siketi.

Elvis, amene sadziwa nthawi yoyenera chinthu chilichonse, anafunsa ngati nyimboyo tingaiike pachimbale. Ndinamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Amai Shawa anati maliro achitika, anthu alira, ndiye nyimbo yayimbidwa m'malo mwake ndipo ikhoza kupita kumene ikufuna. Anangoletsa gitala pamalo pa kuvomera. Anati pamenepo m'pa anthu.

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Lelo nadzionela neka malilo yanga. Bantu banabwela, nyimbo inayamba bwino. Tsiku lenileni sinizakhalapo kuti nikuyang'ane. Uzayamba ndiwe, osati ba elda ba mpingo. Wamvela?"

Wisdom anati wamva. Ulendo uno sanafunefune mpata m'mawuwo.

"Manje bwezani mipando yanga," anatero, "bantu basanabwele bena."

Tinayamba ndi sofa yaikulu, ine kutsogolo, Wisdom kumbuyo. Pakhomo inakakamira, ndipo tinachita kuipendeketsa.