Mphutsi za M'beseni

Mvula yamvumbi inagwa masiku angapo osakata, ndipo m'mawa umene inaleka dzuwa linatuluka laukali ngati likubwezera. Mkulu wina anadzuka pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pamsana, natenga kasefa kake ka tiyi ndi kambale n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Anapeza beseni lake litagadabuzidwa. Madzi onse anali atatayidwa, masamba ovunda ali mbwee pasimenti, malo onse akununkha palafini.

M'beseni limenelo ndi mmene ankawetera mphutsi za udzudzu, chakudya cha nsomba zake. Nsombazo zinkakhala m'thanki yagalasi kuchipinda kwake. Wogulitsa anazitchula kuti kilifishi: tinsomba tosaposa chala, tatimuna tofiira tamadontho obiriwira, tatikazi totuwa. Anazigula mkazi wake atamwalira, maso atayambanso kukana ntchito yake yokonza mawotchi. Koma nsomba zimenezi n'zamatama. Chakudya chouma cha kusitolo zimangochilawa n'kulavula. Zimafuna chamoyo, chophiriphitha.

M'mawa uliwonse ankasefa beseni lonse, kuchotsa mphutsi zazikulu zisanamere mapiko. Koma m'masiku a mvula aja msana unamugoneka. Beseni silinasefedwe, nsomba sizinadye, ndipo iye sanauze munthu.

Analowa kukhitchini. Mpongozi wake, namwino, anali atavala kale yunifolomu, mwana ali m'manja. Mwamuna wa namwinoyo, mwana wa mkuluyo, ankamwa tiyi chiimire.

"Wataya ndani?"

"Ndine, bambo. Musavutike kufufuza." Namwinoyo anatembenuza nkhope ya kamtsikanako kuti iyang'ane agogo ake. "Taonani. Kapena ndikakutengereni magalasi?"

Mkuluyo anaona. Tsaya lonse linali timatuza tofiira, chikope chimodzi chitatupa.

"Sauluka," anatero. "Ndimasefa."

"Sauluka? Ndiye amene amuluma mwanayu anabwera pa njinga?"

"Bambo, amake mwanawa akunena zoona," anatero mwana wake, maso ali m'kapu. Anatulutsa kachitini m'thumba la jekete n'kukaika patebulo. "Ndakugulirani ichi. Alemba kuti n'cha nsomba zamtundu uliwonse."

"Sizidya."

"Njala ikaziwawa zidya," anatero namwino. "Odwala anga amayamba n'kukana chakudya cha kuchipatala. Pakapita masiku amanyambita ndi mbale yomwe."

Anamupatsira mwamuna wake mwana, natola kachitiniko, n'kulunjika kuchipinda kwa apongozi ake, kumene chibwerere m'nyumbamo anali asanapondeko. Mkuluyo anamutsatira akukoka mwendo. Pofika anapeza chivundikiro cha thanki chili pabedi, mayiyo akukhuthula chakudyacho ngati akuthira mchere mumphika wa pamaliro.

Nsomba zinathamangira pamwamba. Yaikulu mwa zonse, yamphongo, mimba itaphwa, inatola kachidutswa, n'kukasunga m'kamwa pang'ono, n'kukalavula. Zinzake zinachitanso chimodzimodzi. Kenako zonse zinabwerera m'zitsamba za pansi, chakudya chija chikumira chokha.

"Mwaona," anatero mkuluyo.

"Ndaona kunyada. Zatengera mwini wake."

Mkuluyo anayandikira thanki. Anabwezera chivundikiro, chifukwa nsomba zimenezi zimadumpha zikangopeza mpata. Anatenga kapaipi, nalowetsa mbali imodzi pakona, inayo n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka madzi anayamba kutsikira mundowa. Ankatsata chidutswa chilichonse chisanavunditse madzi.

"Ndikulankhula nanu, bambo. Ine tsiku ndi tsiku ndimabaya ana a eni ake jakisoni wa malungo. Ndizibwera kuno n'kupeza apongozi anga akuweta udzudzu ngati nkhuku? Anzanga kuntchito atamva angandiseke mpaka kugwa. Mvetsetsani: ndikadzangoona beseni lili ndi madzi panja apo, ndinyamula mwana ndipita kwa mayi anga. Mudzatsala ndi nsomba zanuzo, zizidzakuphikirani."

Mkuluyo anayang'ana mwana wake, amene anaima pakhomo. Kamdzukulu kanali katatambasula dzanja kuloza galasi, monga kankachitira m'mawa uliwonse agogo ake akakanyamula kuti kaone nsomba zikudya.

"Bambo, ndi nsomba chabe izi," anatero mwana wakeyo.

Nyumbayo inali yake. Awiriwo anabwera maliro a mkazi wake atatha, ati kudzamusamala. Mawu amenewo anafika palilime, iye n'kuwameza. Anangopitiriza kuyendetsa kapaipi pansi pa thanki mpaka anamva chitseko chakubwalo chikumenyetsedwa, atatu onse atatuluka.

Anayamba wayesa nyongolotsi. Anakumba m'mphepete mwa mpanda, napeza zonenepa, zazikulu kuposa pakamwa pa nsomba. Anazidula ndi lezala tizidutswa ting'onoting'ono, koma kachidutswa kakachepa kamaleka kugwedezeka, ndipo nsombazo zinangokayang'ana kakumira. Imodzi yaikazi inali itayamba kale kusambira chopendekeka.

Anavala nsapato, natenga ndowa yachivundikiro, n'kutsika ndi msewu, akupuma pamtengo uliwonse wa magetsi. Kumapeto kwa msewuwo kunali womata matayala, ndipo kuseri kwa shedi yake kunali mulu wa matayala otha, lililonse litasunga madzi a mvula.

"Madala, madzi a m'matayala? Kwanu mpopi wauma?" anafunsa womata matayalayo.

"Ndikufuna zili m'katimo."

Womata matayala anasuzumira, naona mphutsi zikuphiriphitha, n'kubwerera m'mbuyo. "Izi? Mwayamba using'anga?"

"Nsomba."

"Anthu akuweta mbuzi, inu nsomba zodya udzudzu. Tengani onse, a zaumoyo amandisowetsa nawo mtendere. Koma mukagwa pamenepo ine sindikunyamulani, ndili ndi makasitomala."

Mkuluyo anapendeketsa matayala limodzilimodzi, msana ukulira, mpaka ndowa inafika pakati. Ulendo wobwerera unali wautali. Mayi wina woyandikana naye nyumba, amene ankayanika zovala, anamufunsa mokweza ngati wayambiranso zake zija, poti usiku wonse iwo sanagone ndi kuwomba m'manja kupha udzudzu. Iye anadutsa ngati sanamve.

Kuchipinda anasefa mphutsi zazikulu, nazitsukuluza m'madzi oyera, n'kuzigwetsera m'thanki pang'onopang'ono. Madzi anachita ngati awira. Yamphongo ija inatulukira m'zitsamba ngati mphezi, zipsepse zitatambasuka, kufiira kwake kutabwerera. Ngakhale yopendekeka ija inagwira imodzi, n'kulimbana nayo mpaka kuimeza. Anakhala pampando n'kumaonerera kufikira timimba tonse titatukuka.

Mundowa munatsala zambiri, zing'onozing'ono ngati nsidze, ndi mazira akuda oyandama ngati mwaye. Chimenecho chinali chakudya cha masiku ambiri, bola zipeze pokulira. Beseni lakuseri linali litaonongeka ndi palafini, ndipo panja panali pataletsedwa. Anayang'ana pawindo, nayang'ana khoma limene linalekanitsa chipinda chake ndi chogona mdzukulu wake.

Anagwada, nakoka pansi pa bedi beseni lachitsulo limene malemu mkazi wake ankachapiramo. Analipukuta fumbi, naliika pakona, n'kukhuthuliramo ndowa yonse pamodzi ndi masamba ouma pang'ono. Kenako anamasula neti ya pabedi pake, naipinda pawiri, naimanga zolimba pakamwa pa beseni ndi chingwe, n'kukiya chitseko.