Manja a Mfundo

Pakhoma la nyumba ya a Gibson Ngozo, ku Sharpevale, pali chithunzi chimene mlendo aliyense amaonetsedwa asanapatsidwe n'komwe mpando. Ndi cha mnyamata wa jekete yakuda, dzanja lina m'thumba, lina litanyamula wailesi. Ndi iwowo a Ngozo, masiku a Theba, akukumba golide ku Joni. Chimene chithunzicho sichinena n'chakuti jeketeyo inali ya mwini situdiyo, ndipo inavalidwa ndi komponi yonse, wonenepa ndi wowonda yemwe. Wailesiyo inali yakufa. Koma amuna a paulendo ankatero basi: kumudzi umatumizako jekete, zilonda umasunga wekha.

N'chifukwa chake Mfundo, mwana wawo wotsiriza, atapeza ntchito kutsidya kwa nyanja, kufakitale yolumikiza mafoni, a Ngozo anamupatsa malangizo amodzi okha.

"Ukakafika uko, amayi ako asadzamve kuti walira."

Mwana anamvera. Zithunzi zinkabwera pa foni ya mlongo wake Jessie, amene amagulitsa mpunga pamsika: Mfundo kutsogolo kwa nyumba zagalasi, Mfundo akumwetulira mano onse pamtunda. A Ngozo ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Tsiku lina iwo ndi akazi awo, a Lufina, ali kumunda kuingitsa mpheta, poti mpunga unali utayamba kucha, anaona Jessie akubwera chothamanga m'mbali mwa ngalande, mwana akugwedezeka kumsana.

"Amayi, bambo! Achimwene aika kanema pa tsamba la mchezo. Ndangoona poyambira pokha, mtima wandithawa."

Anakhala pamlambala atatuwo, mitu pamodzi. Uyo Mfundo, wopanda malaya, nthiti zikuwerengeka, m'chipinda cha mabedi osanjikizana mpaka kudenga. Anatambasula manja. Mayo ine! Khungu linali litasupuka, zala zotupa, zikhadabo zakuda. Anati ndi mankhwala opukutira magalasi a mafoni. Anati magolovesi amawapatsa tsiku lobwera alendo oyendera fakitale, alendo akangotuluka n'kuwalandanso. Anati mapasipoti ali ndi mabwana, ndipo munthu sakhala pansi kuyambira polowa mpaka poweruka. Kenaka anayandikitsa nkhope.

"Amayi, mukaona izi..."

A Lufina anali atayamba kale kulira mokweza, manja ali kumutu. A Ngozo anatsomphola foni ija n'kuitembenuzira pansi. Chimene chinawagwira poyamba, tinene zoona, sichinali chisoni. Anali manyazi. Mwana wa kwa Ngozo kuvula malaya pamaso pa dziko, kuonetsa zilonda ngati wopemphetsa pa depoti! Apongozi aona, akumpingo aona, ngakhale anyamata a kabaza aona.

"Ichotse," anatero.

"Sindingathe, bambo. Wochotsa ndi mwini wake. Apo ayi, anthu ambiri adinize podandaula, eni tsamba achotse okha."

"Basi anthuwo apezeka."

Ndipo anapezekadi. Lamulungu, mapemphero atatha, a Ngozo anaima pansi pa mtengo wa mango panja pa tchalitchi. Ndi munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, wosakweza mawu. Anapempha modzichepetsa kuti aliyense wa foni awathandize kuphimba mwana wawo. A kwaya anadiniza, amayi a chigwirizano anadiniza, amene sankadziwa podiniza anasonyezedwa. Onse ankaona kuti akuchita chifundo, monga mmene umaponyera chitenje pa munthu amene wagwa pagulu.

Panali Silvester, bambo wokonza ndi kutchaja mafoni pamsika, amene anali atasunga kanemayo mu foni yake.

"Inunso a Silvester, ndamva muli nayo."

Silvester anakanda kumutu. "Ndili nayodi, bambo. Koma mwina mukanaionera kaye mpaka kumapeto."

"Ndaona zokwanira."

Silvester anayang'ana khamu lija. Anafufuta kanemayo iwo akuona. Dzuwa lisanapendeke, eni tsamba anali atachotsa kanema ija, ndipo tsamba lonse la Mfundo linatsekedwa. A Ngozo anadabwa ndi changu chake. Azungu awa, anatero mumtima, ulemu amaudziwa.

Kenaka kunangoti zii.

Foni ya Mfundo inaleka kulowa. Mpunga unamwetedwa, unapunthidwa, unalowa m'matumba, mwana osamveka. Ejenti amene anamupezera ntchitoyo n'kumutumiza kunjako, nambala yake inkangolira ngati ikulira m'chitsime. A Lufina analeka kudya bwino. Ankakhala pakhonde maso ali kumsewu, ngati kuti munthu wochokera kutsidya kwa nyanja angatsike pa kabaza.

Jessie anakwera basi kupita ku Lilongwe, kwa anthu ena othandiza ogwira ntchito kunja. Anabwerako nkhope itagwa.

"Akuti angathe kumufunafuna, bambo, koma dzikolo ndi lalikulu, mafakitale ndi osawerengeka. Akufuna dzina la fakitale."

"Nanga dzinalo sitikulidziwa?"

"Ejenti ankangoti kufakitale ya mafoni. Amene anaonera kanema mpaka kumapeto akuti achimwene anajambula geti, ndi chikwangwani chake. Koma zilembo zake n'zakwawo komweko, palibe anaziwerenga. Akuti tikangowapatsa kanemayo, ntchito yatheka."

A Ngozo anayenda khomo ndi khomo, mpaka ku Kandeu kwa abale a akazi awo, kufunsa ngati alipo amene anasunga. Aliyense ankayankha mwaulemu womwewo: "Tinafufuta, monga munanenera." Ha, kumveredwa kunawawa tsiku limenelo!

Jessie analembera eni tsamba, kuwachonderera kuti abweze kanemayo, ngakhale kwa iye yekha. Yankho linabwera asanaike n'komwe foni m'thumba: kanemayo inaphwanya malamulo, chigamulo sichisintha. Pansi pa yankholo panatuluka chithunzi chotsatsa foni yatsopano, galasi lake lili phuliphuli, losaoneka ngakhale kachidindo ka chala. Pansi pakenso, kanema ya zidakwa ziwiri zikuswana mitu ndi mabotolo, magazi ali chuchuchu. Imeneyo sinaphwanye lamulo lililonse, inali pompo ikuseketsa anthu.

M'mawa mwake Jessie anapeza bambo ake atavala malaya a kutchalitchi, tambala womanga miyendo ali m'khwapa.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Ndinalakwa ndine. Wolakwa amakapepesa. Undilondolere kwa eni tsambawo, kaya ofesi yawo ili ku Lilongwe kaya ku Blantyre. Ndikagwada, ndikawauze kuti odandaula aja ndinawatuma ndine."

Jessie anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsika.

"Kulibe khomo, bambo. Kulibe munthu woti mukamugwadire. Amene anatiyankha uja ndi makina."

A Ngozo anatsitsa tambala uja pansi akuphiriphitha. Anamumasula. Kenaka anavula malaya aja, pabwalo pomwepo, masanasana, zimene a Lufina sanazionepo chikwatiranireni. Chipsera chachikulu chinayambira paphewa kutsikira kumsana. Akazi awo ankachidziwa, koma anauzidwa kuti inali ngozi ya njinga.

"Jambula," anauza Jessie.

Analankhula akuyang'ana foni ngati akuyang'ana munthu. Anati ichi ndi mwala wa mumgodi, unandigwera, mnzanga wa ku Champiti anatsala pansi pomwepo. Anati jekete ya pachithunzi chija sinali yanga. Anati mwana wanga Mfundo akulumikiza mafoni ngati imene mwagwirayo, manja ake asupuka, ndipo sindikudziwa kumene ali. Aliyense amene anasunga kanema yake, kulikonse kumene muli, chonde.

Jessie anaika kanemayo pa tsamba la mchezo, anthu n'kuyamba kugawana. A kwaya omwe aja, amayi a chigwirizano omwe aja. Mtima wa a Ngozo unayamba kutsika pang'ono. Koma tsiku lotsatira Jessie anabwera akukoka miyendo.

"Achotsanso."

"Wadandaula ndani?"

"Sindikudziwa ngati alipo, bambo. Kuno aliyense akukana. Iwo sanena. Angoti yaphwanya malamulo."

"Lamulo lake liti?"

"Sanena."

A Ngozo anakhala pa thumba la mpunga. Ankaganiza kuti tsiku lija pansi pa mango anthu aja anawamvera iwo, Gibson Ngozo, mkulu wa mpingo. Tsopano anayamba kukayika. Mwina anangothandiza kukankha chitseko chimene eni ake ankafuna kale kutseka. Koma kukankhako anakankha nawo, ndipo zimenezo palibe akanawachotsera.

A Lufina, amene masiku onsewa sanawanene amuna awo ngakhale liwu limodzi loipa, anadzuka n'kumanga chitenje.

"Tiyeni kwa a Silvester."

"Anafufuta, mayi. Ndinaona ndi maso angawa."

"Sindikufuna kanema. Iwo anaonera mpaka kumapeto. Mwana wanga ankandiitana ine, inu n'kumudula pakamwa. Ndikufuna ndimve chimene ankandiuza."

Anamupeza Silvester m'kabenchi kake, mafoni ali ndandanda pa thabwa, nthambo zili piringupiringu. Atamva funsolo, anayamba kusuntha tizitsulo topanda chifukwa.

"Amayi, zinazi n'zovuta kunena akuluakulu ali pompo."

"Nenani," anatero a Ngozo. "Ulemu wanu wandikwana."

Silvester anayang'ana pansi.

"Anati, 'Amayi, mukaona izi, uzani alongo anga asunge kanemayi, atumize kwa anthu. Foni andilanda akangodziwa.' Ndiye anapita pawindo n'kujambula geti lija. Pomaliza anati, 'Koma chonde, bambo asaone. Ndimawadziwa. Adzachotsa.'"

Pamsika phokoso linkapitirira, chigayo chikulira, anyamata a kabaza akuitanira anthu. Foni ina pa thabwa paja inayaka, galasi lake loyera bwino, lopukutidwa ndi manja a mwana wa munthu wina. A Lufina anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba osawadikira amuna awo.

A Ngozo anatsala chiimire. Kenaka anafunsa, mawu ali ang'onoang'ono, "Zilembo za pa getipo, a Silvester, simungakumbukeko ngakhale chimodzi?"

Silvester anatola kamtengo, anagwada, n'kujambula mzere umodzi padothi. Anauyang'ana, anapukusa mutu, n'kuufufuta ndi chikhatho.