Galimoto Imene Bambo Sanaimve

Bambo anga anakhala makanika zaka makumi anayi. Galimoto ikamalowa pageti la galaja, iwo ankangotchera khutu n'kunena matenda ake mwini wake asanatsike. Atapuma pantchito anabwera kudzakhala kwanga, ndipo Loweruka lililonse ankatsegula boneti ya kagalimoto kanga kakale, kaya kali bwino kaya ayi. Ine ndinkalalata chifukwa cha girizi pa matawulo anga, koma mumtima ndinkakondwa.

Kagalimotoko katatheratu, ndinagula hayibulidi, zija zoyendera petulo ndi magetsi pamodzi. Tsiku loyamba, titaima pa maloboti, injini inangoti zii.

"Yazima! Patukira kumbali, mwanawe," anatero Bambo.

"Siinazime, Bambo. Imatero ikaima."

Titafika kunyumba anatsegula boneti n'kupeza mawaya akuluakulu a mtundu wa olenji. Wogulitsa anali atatichenjeza kuti amenewo sosewera nawo, akhoza kupha munthu. Bambo anaima manja ali kumbuyo ngati mlendo m'sitolo ya zinthu zodula, kenako anatseka boneti pang'onopang'ono.

Kuyambira pamenepo ankangokhala pakhonde. Ngakhale mpando wakutsogolo m'galimoto anaukana. Tikamapita kokayezetsa magazi ankakhala kumbuyo atafunda bulangete lobiriwira limene malemu Amayi anawalukira. Tsiku lina anati bokosi lawo la masipanala ndiwapatse amuna anga, munthu amene ngakhale babu amaitanira wina. Apo ndinachita mantha. Ndine namwino, ndaona okalamba ambiri, ndipo ndimadziwa mmene munthu amayambira kudzisiya.

Buku lokonzera galimotoyo ndinalipeza kwa wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, pakati pa madikishonale. Chikuto chinali chong'ambika, mtengo wake wa sopo weniweni. Nditaliika patebulo, Bambo analikankhira kumbali ndi chala chimodzi.

"Galimoto siiphunziridwa m'buku," anatero.

Mtima unandiwira, koma ndinadzigwira.

Patapita milungu itatu, kanyali kanayaka pa dashibodi, galimoto n'kuyamba kulemera pokwera mtunda. Ndikanatha kupita nayo kugalaja. Sindinapite, dala. Ndinakakhala pakhonde pafupi ndi Bambo n'kumawerenga bukulo mokweza, ndikudzipusitsa.

"Akuti mwina batire yaikulu yatentha. Kaya, ndingoithira madzi ozizira."

"Uithire chiyani?" Anadzambatuka pampando. "Iwe, sukulu yonse ija? Tabwera nalo kuno bukulo."

Maso awo sathanso kuona tizilembo ting'onoting'ono, choncho ine ndinkawerenga, iwo akumvetsera atatsinzina. Bukulo linkati batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imalandira mpweya kudzera pa kazenera kokhala ndi sefa m'mbali mwa mpandowo. Linkanena mosazungulira pamene munthu asayerekeze kugwira, ndi pamene angagwire popanda mantha galimoto itazimitsidwa. Apo Bambo anatsegula maso.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza. Anatenga sikuludiraiva n'kukagwada pakhomo lakumbuyo. Manja amene amakhutula tiyi m'mawa uliwonse anagwira sikulu osaphonya ngakhale kamodzi. Anasolola sefayo. Inali itatsekeka ndi ubweya wobiriwira wa bulangete la Amayi.

"Ndiye kuti ndine ndakhala ndikuitsamwitsa," anatero Bambo.

Anafikisa ubweyawo ndi zala, n'kuyamba kuseka misozi ili m'maso.

"Amayi ako sanaikondepo galimoto iliyonse imene ndinaigwira. Ankati onsewo ndi akazi anzawo."

Nanenso ndinalira, osabisa, nditakhala pasimenti yotentha ndi buku pamiyendo. Ndinkawasowa Amayi, komanso kwa miyezi ingapo ndinali ndikuwasowa Bambo ali pompo.

Tinapukuta sefa ndi kabulashi kakale kotsukira mano, tinaibwezera, ndipo titazungulira kawiri mpaka kumsika, kanyali kaja kanazima. Bambo sanayamikire buku. Anapempha pensulo.

"Bukuli likuti masikulu ndi anayi. Ndi asanu. Lemba pambalipo."

Ndinalemba.

"Wolembayu ndi mwana wabwino, koma amathamanga. Tiyenera kumuonera tsamba lililonse, angasocheretse anthu." Analinyamula n'kuliyesa kulemera m'dzanja. "Masamba ndi angati?"

"Opitirira mazana atatu, Bambo."

"Tiziwerenga awiri pa mlungu. Iwe uziwerenga, ine ndizikonza."

Ndinawerengetsera mumtima. Zinali zaka zitatu, ndipo anazinena yekha munthu amene mwezi wathawo ankagawa katundu wake.

"Awiri okha, Bambo," ndinatero. "Tisathamange."