Chilungulira cha Ankhoswe

Ukwati wa Kassim ndi Kauthar unagwedezeka chifukwa cha bango. Kassim anazula bango la pathandala pamene mkazi wake ankayanikapo usipa, n'kukakonzera khola la mbuzi. Kauthar atabwerako kunyanja anapeza mitengo yokhayokha, ndipo tsiku lomwelo anamanga kachikwama n'kupita kwa mkulu wake, kutsidya lina la mudzi wa Chiwanga.

Mlandu unagwera a Abdala, amalume ake a Kauthar, omwe analinso ankhoswe. Akazi awo anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo chiyambire ankadya chinangwa chootcha ali okha pakhonde. Tsono ntchito yonyamula mawu inabwera ndi mbale. Masana ankamva dandaulo la Kauthar akudya mpunga wophikira nazi, kokonati uja, ndi utaka. Madzulo ankakamva mbali ya Kassim, yemwe ankakazinga kampango mwausodzi, mafuta osambira, piripiri wosawerenga. Nkhani yoti ikanatha ndi mtolo umodzi wa bango inalowa sabata yachisanu. A Abdala ankati zinthu zabanja sazithamangira, koma tonse tinkaona kuti lamba wawo wasuntha chibowo.

Chimene chinawaulula ndi chilungulira. Akangogona, moto unkakwera kuchokera m'mimba mpaka kukhosi, m'kamwa n'kumawawasa. Ankageya pakati pa malangizo, mwina pamawu oti chikondi penipeni.

Kauthar anawapatsa mapiritsi oyera otafuna, okoma ngati choko. Anatafuna awiri, ndipo asanamalize tiyi moto unazima. Kassim atamva, nsanje inamugwira. Anapalasa njinga mpaka kutauni ya Metangula n'kubwera ndi makapisozi a omeprazole, nati awa ndiye mankhwala, osati maswiti a ana. A Abdala anameza kamodzi atakhuta, n'kudikira. Palibe chinachitika. Koma atapitiriza kumwa kwa masiku angapo anaona kuti moto ukubwera mwaulesi.

Apa mlandu wa bango unayiwalika. Kauthar ankatumiza mawu oti makapisozi ndi ofanana ndi mwini wake, ochedwa kumva. Kassim ankabweza kuti zotafunazo zimangotonthoza kanthawi, mawa moto uli pomwepo. Aliyense ankafuna ankhoswe anene poyera mankhwala amene akuwathandiza. A Abdala anaopa. Kusankha mbali imodzi kunali kutaya mbale imodzi, ndipo chimene ankaopa kwenikweni si njala ayi, koma kubwerera pakhonde paja popanda wowafunsa ngati mchere wakwana. Choncho ankamwa zonse nthawi imodzi mobisa, n'kumauza aliyense kuti zake ndiye zenizeni.

Bodza lilibe mwendo. Mkulu wake wa Kauthar anapeza pepala la makapisozi litagwa pamphasa, ndipo Lolemba m'mawa Kauthar anagwira amalume ake dzanja kupita nawo kuchipatala kuti anamwino aweruze. Kassim anawapeza panjira, natsata pambuyo akukankha njinga.

Anamwino, mayi Adélia, anayala mankhwala onse patebulo n'kumvetsera mbali zonse ngati khoti. Kenako anafotokoza kuti palibe wopambana. Otafuna amazima moto umene wayaka kale, msanga koma kwa kanthawi. Kapisozi amachepetsa asidi amene mimba imapanga, ndiye amafuna masiku, ndiponso amamwedwa m'mawa munthu asanadye, osati atakhuta kampango. Anati atha kugwiritsa ntchito onse awiri, kapisozi m'mawa, otafuna pokhapokha moto ukabuka. Atatero anafunsa chimene a Abdala amadya pa tsiku.

Kauthar anatchula zake monyadira. Kassim naye anatchula zake. Atamaliza anayang'anana koyamba pa masabata asanu.

"Amjomba, kodi si inu munkati kwa Kassim mumangomwako madzi?" anafunsa Kauthar, atacheukira amalume ake.

"Kwa ine ankati iwe umawapatsa tiyi wopanda kanthu," anatero Kassim.

A Abdala anayang'ana chithunzi cha udzudzu chimene chinali pakhoma.

Pobwerera, awiriwo anali patsogolo, akukangana za amene azikumbutsa amalume kapisozi wa m'mawa, mpaka Kauthar anaseka n'kukwera pakaliyala. A Abdala anayesa kukumbutsa kuti nkhani ya bango sinathe bwinobwino, mwina pafunika kukhalanso pansi kawiri kapena katatu. Kassim anayankha osacheuka kuti bango adula mawa.

Lachitatu Kauthar anabwerera kwa mwamuna wake. Anthu anayamikira a Abdala kuti ndi nkhoswe yodziwa ntchito, ndipo pofika sabata yotsatira chilungulira chinatheratu. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde pawo masana, akusenda chinangwa chimodzi. Ndinawafunsa za pamtima.

"Pazizira, mwanawe," anatero. "Pazizira kwambiri."