Ndalama ya M'keke ya Agogo Philomena

Bernadette Minjoot anaiona ndalamayo isanalowe m'keke, ndipo mtima wake sunakhale m'malo. Inali ndalama yakale yasiliva, yaing'ono ngati batani la malaya, imene apongozi ake, Agogo Philomena, ankaisunga m'kabokosi. Khrisimasi ikayandikira ankaikwirira m'keke ya zipatso zouma, ija yophika ndi nthunzi, ndipo woipeza m'mbale mwake ankati watola mwayi wa chaka chonse.

"Amayi, bwanji chaka chino tingoisiya," anatero Bernadette motsitsa mawu. "Mdzukulu wanu Danielle ali ndi zaka zinayi zokha, ndipo amadya ngati wina akumuthamangitsa."

"Iwe, ndalama imeneyi inayamba kulowa m'keke nthawi ya apongozi anga, muno mu Singapore mulibe nyumba zosanjikizana zonsezi," anayankha agogowo. "Mwamuna wakoyu anakula nayo. Wafa?"

Clifford, mwamuna wa Bernadette, anangoseka. "Zisiye, mayi a Danielle. Ukufuna tidye Khrisimasi anthu atatupa masaya?"

Bernadette anameza mawu ake. Ankaopa kutchedwa mkamwana wamwano wobwera kudzathetsa miyambo ya eni. Mumtima anati chidutswa cha mwanayo adzachifufuza yekha ndi foloko.

Tsikulo litafika onse anachoka ku Misa masana, n'kudya mpunga ndi nkhuku ya tsabola, aliyense atavala chipewa chapepala. Kenako anatseka makatani. Agogo Philomena anatulukira ndi keke atathira mowa waukali pamwamba n'kuyatsa, moto wabuluu uli lawilawi, ndipo onse anawomba m'manja. Bernadette anathamangira kukhitchini kukatenga msuzi wa mkaka wothira pa kekeyo. Sanatheko ngakhale mphindi ziwiri.

Pobwerera anapeza agogo atagawa kale. Danielle anali ataimirira pampando, kukamwa kuli yasa, manja onse ali pakhosi. Sankalira, sankatsokomola. Chete ameneyo ndiye anamuopsa Bernadette, ndipo mbale inamupulumuka m'manja.

"Mumezetseni mpunga, utsitsira pansi," anatero agogo.

"Ayi, madzi. Bweretsani madzi," anatero Clifford, uku akupisa chala m'kamwa mwa mwanayo.

Milomo ya Danielle inayamba kuda. Ulendo uno Bernadette sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anakankha dzanja la mwamuna wake, n'kunyamula mwana kuthamangira kukhomo loyang'anana ndi lawo, kwa Mayi Kalaivani, namwino amene anagwira ntchito mpaka m'mawa ndipo anali m'tulo. Anamenya chitseko ndi chibakera. Zii. Anachimenya ndi phazi, akuitana dzina lawo, mwana akulemera m'manja mwake.

Chitseko chinatseguka. Namwinoyo anangomuyang'ana kamodzi mwanayo.

"Akutha kutsokomola?"

"Ayi. Ndi ndalama."

"A Clifford, itanani ambulansi panopa. Musaimirire pamenepo."

Mayi Kalaivani anagwada, n'kumuweramitsa Danielle pamkono pawo mutu uli pansi, ndipo anamumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa, mwamphamvu, kasanu. Palibe chinatuluka. Agogo Philomena anali atagwira khoma, chipewa chapepala chidakali kumutu, akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Namwino uja anamugwira mwanayo chakumbuyo, n'kuika chibakera pamwamba pa mchombo, n'kukankhira mkati chokweza. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu ndalama inalumpha, n'kugwa pasimenti kuti ngwee, ndipo Danielle anakoka mpweya n'kuyamba kulira.

Bernadette anakhala pansi pomwepo. Sanamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

"Kuchipatala apitebe, madokotala akamuone m'mimba momwe ndakankhamo," anatero Mayi Kalaivani akupukuta thukuta. "Koma ndani amati amumezetse mpunga? Ndakumvani ndili m'tulo, ndimayesa ndikulota."

Namwinoyo anapitiriza:

"Chinthu chikatseka njira ya mpweya, mpunga ndi madzi zimangowonjezera vuto. Chala nachonso chimachikankhira mkati. Mwana akamatsokomola, musiyeni atsokomole. Akangoti chete, chitani zimene mwaonazi. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina." Kenako anatembenukira kwa agogo. "Mwambo wanu ndimaukonda, Amayi, keke yanu ndimadya chaka chilichonse. Koma ndalamayo muziika pansi pa mbale. Mwayi ufika chimodzimodzi."

Agogo Philomena anawerama movutikira n'kutola ndalama ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mkamwana wawo, misozi ikutsika.

"Unandiuza, mwana wanga. Ine ndiye ndinakutseka pakamwa."

"Inenso ndinalakwa, Amayi," anatero Bernadette. "Ndinaopa nkhope yanu kuposa kuopera mwana wanga."

Clifford anaima chapatali, foni ili m'manja, osatha kuyang'ana mkazi wake. Pansi, kumsewu, ambulansi inamveka ikukhota. Danielle anadzutsa mutu pachifuwa pa mayi ake, n'kuona chimene agogo ake anagwira. Anafunsa ndi mawu osasa:

"Agogo, ndiye kuti mwayi ndatola ine?"

 Agogowo anavula chipewa chapepala chija n'kukulungamo ndalamayo.

Phunziro: Musaike ndalama kapena kanthu kena kalikonse kakang'ono m'chakudya chimene ana adye, ngakhale mwambo utero. Mwana akatsamwa, musamupatse madzi kapena chakudya, ndipo musamupise chala m'kamwa. Itanani thandizo msanga, ndipo phunzirani kwa azaumoyo njira yomupulumutsira. Mukaona choopsa, nenani mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, ngakhale kwa akulu.